Chinandikhalira pachifuwa kutulo, alipo zinamuchitikirapo?

Amake Mphatso (Chibavi): Mwadzuka bwanji nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani yosakhudza zosonkha zathu koma ndasowa womuuza. Usiku wathawu cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka, maso ndinatsegula ndithu, denga ndikuliona, katani ndikuiona, ngakhale kanyale kofiira ka pa chaja ndimakaona, koma thupi lonse linali gwaa. Dzanja osanyamuka, mwendo osanyamuka, ndimati ndikuwe ndidzutse bambo a Mphatso amene anagona pambali pangapa koma mawu osatuluka. Ndiye pachitseko panaima chinthu chakuda chachitali, nkhope sindinaione, kenako ndinangomva kulemera pachifuwa ngati wina wandisanjika thumba la simenti, mpweya kubanika. Chitandisiya ndinali thukuta lokhalokha chonsecho mukudziwa mmene kukuzizirira Julayi ameneyu. Aka ndi kachitatu mwezi uno. Kukamada mtima wanga ukumagunda, ndikuopa bedi langa lomwe.

Wakabaza wa pa Katoto: Mayi pepani kwambiri. Ine zinandichitapo ndikukhala kwa amalume ku Ekwendeni, ndendende mmene mwafotokozeramu, kungoti changa chinali chachifupi ndipo chimandipumira m'khutu. Kwathu amati imeneyo ndi mfiti yabwera kudzakuyesa mphamvu. Ndinaika Baibulo kumutu, mchere pakhomo, patapita masiku zinasiya.

Amake Mphatso: Ndi zomwe akunena alamu angawo. Iwo afika kale potchula munthu, akuti ndi gogo wina wa kuseri kwathu amene tinakangana naye chaka chatha pa nkhani ya ngalande, madzi a mvula ochokera kwathu amalowa pabwalo pake. Akuti Loweruka tipite kwa sing'anga akatitsimikizire. Ine mtima uli pawiri, gogoyo amakhala yekha ndi kamdzukulu kake, koma zomwe ndinaonazo sindikupeka, ndinaziona ndi maso angawa.

Anesi (Luwinga): Ndangoweruka naiti koma sindingagone ndisanayankhe. Achemwali ndikukukhulupirirani, simukunama ndipo mutu wanu uli bwinobwino. Tandiuzani, munagona chagada? Mumagona nthawi yanji n'kudzuka nthawi yanji? Ndipo pali chomwe chakulemerani mumtima miyezi ino?

Amake Mphatso: Chagada eya, ndikagona chammbali phewa limandipweteka. Kugona ndimagona cha m'ma 11 ndikatha kukanda mandasi, 3 koloko ndadzuka kukazinga kuti ndikafike ku depoti mabasi a m'mawa asananyamuke. Za mumtimazo, mayi anga anandisiya mu Meyi ku Ntcheu.

Anesi (Luwinga): Pepani ndi maliro achemwali, sindinamve. Ndiye onani, tulo ta maola 4, kugona chagada, chisoni pamwamba, zonsezo ndi zomwe zimaitana vutoli. Kuchipatala timalitchula sleep paralysis ndipo ndi lofala kwambiri, ife ogwira naiti ambiri tinakumana nalo. Ndifotokoze pang'onopang'ono. Tulo si kungozimitsa nyale ayi, tili ndi magawo. Munthu amayamba ndi tulo topepuka, n'kutsikira mu tulo tofa nato, kenako n'kukweranso kufika gawo lina lotchedwa REM, ulendo umodzi wotere umatenga pafupifupi mphindi 90 ndipo usiku wathunthu timazungulira kanayi kapena kasanu. Mu REM ndi momwe mumabwera maloto aatali okhala ndi nkhani aja. Ndiye ukalowa m'gawo limeneli, kachigawo ka m'munsi mwa ubongo, pafupi ndi pomwe ubongo umalumikizana ndi msana, kamakhoma minofu ya manja, miyendo ndi khosi, kuti ukamalota ukuthawa galu usadzuke n'kukagunda khoma. Zomwe zimasiyidwa zikugwira ntchito ndi maso ndi mnofu wopumira wa pansi pa mapapo. Vuto limabwera ubongo ukagalamuka loko asanatsegulidwe. Maso akuona chipinda chenicheni, thupi likadali lokhoma, loto nalo silinathe ndiye limathira zithunzi zake m'chipinda chenichenicho. Kulemera pachifuwako ndi chifukwa minofu ya m'nthiti imakhala ikadali yofooka, iwe chifukwa cha mantha ukufuna kukoka mpweya wambiri koma sizikutheka, ndiye umamva ngati wina wakukhalira. Zimatha zokha, masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo mpweya umakhala ukulowa ngakhale ukumva kubanika.

Ankolo a ku Zolozolo: Anesi mwafotokoza bwino koma funso langa ndi ili. Ngati ndi ubongo wa munthu payekha, bwanji onse amaona chinthu chimodzimodzi? Amake Mphatso chakuda pachitseko, mnyamata wa kabazayu chakuda m'khutu, malemu akazi anga nawo ankanena zomwezo. Anthu osadziwana angalote loto limodzi popanda wolituma?

Aphunzitsi a Bayoloje (Chiputula): Ankolo funso lanulo ndi lomwe linandichititsa kuwerenga kwambiri za nkhaniyi. Zoona zimafanana, ndipo si kuno kokha. Ku Japan ali ndi dzina lake, amati kanashibari. Ku Newfoundland ku Canada amati nkhalamba yachikazi yakukhalira pachifuwa. Ku Egypt ambiri amati ndi jini. Kuuma thupi, kubanika, ndi kumva kuti muli wina m'chipinda ndi zofanana kulikonse chifukwa ubongo wathu tonse unapangidwa mofanana. Muli kachigawo kotchedwa amygdala, kali ngati mlonda, ntchito yake ndi kukuwa pakakhala choopsa, ndipo mu REM kamakhala kogalamuka kwambiri pomwe mbali ya kutsogolo, ya pachipumi, imene imaunika zinthu n'kunena kuti izi sizingatheke, imakhala itachepetsa ntchito. Ndiye mlonda akukuwa kuti kuli mdani, thupi silikusuntha, ubongo umasaka mdaniyo mpaka kumupeza pa jekete lopachika kuchitseko. Chomwe chimasiyana dziko ndi dziko ndi dzina lomwe timachipatsa chinthucho. Aliyense amaona chomwe anakula akuuzidwa kuti achiope.

Amake Mphatso: Aaa aphunzitsi, kuchitsekoko kumapachikidwa jekete la mvula la bambo a Mphatso ndithu, lakuda.

Wakabaza wa pa Katoto: Koma nanga bwanji kwa ine mchere unagwira ntchito?

Anesi (Luwinga): Achimwene, mutaika Baibulo ndi mcherewo munayamba kugona mtima uli m'malo, si choncho? Mantha ndi omwe amadyetsa vutoli. Ukamaopa kugona umagona mochedwa, tulo timadukaduka, ndiye chimabweranso, ukaopanso kwambiri. Chilichonse chokhazika mtima pansi chimadula chingwe chimenecho. Pemphero sindingaletse munthu, nanenso ndimapemphera ndisanagone.

Wa ku Mzuni: Aphunzitsi, ine chomwe chimandizunguza ndi chakuti anadziwa bwanji zonsezi poti munthu wogona sungamulowe m'mutu.

Aphunzitsi a Bayoloje (Chiputula): Si zakale kwambiri ayi. Mu 1953 ku yunivesite ya Chicago, wophunzira wina Eugene Aserinsky ndi mphunzitsi wake Nathaniel Kleitman anafalitsa zomwe anapeza atamata timawaya kumutu ndi m'mbali mwa maso a anthu ogona. Mmodzi mwa oyamba kuyesedwa anali mwana wa Aserinsky yemwe. Anaona kuti nthawi zina usiku maso amayamba kuthamangathamanga pansi pa zikope, ndipo mafunde a ubongo amaoneka ngati a munthu amene ali maso. Dzina lakuti REM likuchokera pa kuthamanga kwa maso kumeneku. Akamudzutsa munthu panthawi imeneyo, pafupifupi 8 mwa 10 alionse amafotokoza loto. Inuyo mutha kudzionera nokha, mwana akagona muyang'anitsitseni zikope cha m'bandakucha, muona timaso tikuyenda uku ndi uku. Khanda longobadwa kumene pafupifupi theka la tulo take ndi ta mtundu umenewu, ife akuluakulu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Za loko wa minofu uja anazifufuza kwambiri ndi Michel Jouvet ku Lyon ku France. M'zaka za m'ma 1960 anawononga kachigawo kokhoma minofu kaja mwa amphaka, ndiye amphakawo ali mtulo ankadzuka n'kumanyang'ama ngati akusaka khoswe, kulumpha, kukalipa, chonsecho palibe chilichonse patsogolo pawo.

Mayi a salaula (Taifa): Za khandazo ndavomera, wanga wa miyezi iwiri amamwetulira kutulo, apongozi amati akucheza ndi angelo. Koma ine ndifunse, bwanji ine sindilota? Zaka ndi zaka sindikumbuka loto ngakhale limodzi.

Anesi (Luwinga): Mumalota asisi, kungoti simukumbuka. Mu REM mankhwala ena a muubongo othandiza kusunga zinthu, makamaka noradrenaline, amatsika kwambiri, ndiye loto silisungika pokhapokha udzuke lili mkati kapena litangotha. Ndipo ukangodzuka n'kugwira foni kapena kuthamangira kukoleza mbaula basi lauluka. Yesani mawa, mukadzuka khalani kaye phee osatembenuka mphindi ziwiri, muona china chikubwera. REM yaitali imakhala cha kum'mawa, n'chifukwa chake maloto ambiri omwe timakumbuka ndi a tambala atalira.

Ankolo a ku Zolozolo: Ndamva zonse ana anga, koma musatitengere kutali ngati maloto ndi utsi chabe. Ine ndinali ku ntchito ku Chikangawa nthawi imeneyo mafoni kulibe. Ndinalota bambo anga atavala zoyera, aima m'munda mwathu ku Rumphi, akundipatsa khasu lawo osalankhula kanthu. Ndinadzuka misozi ili m'masaya. Dzuwa lisanalowe tsiku lomwelo kunabwera munthu pa lole kudzandiuza kuti madala atsikira kuli chete usiku womwewo. Zimenezi mundiuza kuti ndi timawaya? Komanso kwathu kuno ng'anga za vimbuza zambiri zimanena kuti mankhwala zinachita kuonetsedwa kumaloto, muzu wakuti uli pansi pa mtengo wakuti. Vimbuza yomweyo a UNESCO anailemekeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse.

Wa ku Mzuni: Ankolo ndifunse mwaulemu, bambo anuwo ankadwala?

Ankolo a ku Zolozolo: Ankadwala inde, miyezi itatu. Ndinawaona komaliza pa Khirisimasi atawonda kwambiri.

Wa ku Mzuni: Ndiye mmene ndikuonera ine, mtima wanu unkadziwa kale zomwe pakamwa pankakana kunena, ndipo mwina munawalota kangapo miyezi imeneyo koma lomwe linakhazikika ndi la usiku umenewo chifukwa uthenga unabwera. Ine chaka chatha ndinalota mng'ono wanga wamira ku Nkhata Bay, ndinaimba foni 5 koloko m'mawa ndikunjenjemera, ndinamupeza akutsuka mbale. Loto limenelo sindiliwerengera, koma akanamira ndikanalinena moyo wanga wonse. Mzuzu yonseyi anthu masauzande akulota usiku uliwonse, sizingalephere kuti ena maloto awo akumane ndi zochitika.

Ankolo a ku Zolozolo: Mwana wanga masamu ako ndawamva. Koma khasu lija ndinalilandira, ndipo ndi lomwe linandibweza kumudzi kukasamala amayi ndi azing'ono anga. Kwa ine bambo anatsanzika.

Aphunzitsi a Bayoloje (Chiputula): Ankolo pamenepo ine sindingakutsutseni ndipo sindikufuna kutero. Makina amaonetsa nthawi yomwe munthu akulota ndi mbali za ubongo zomwe zikugwira ntchito, koma chomwe khasu lija linatanthauza kwa inu ndi inu nokha mungachinene. Ngakhale akatswiriwo sanamvane chimodzi pa chifukwa chomwe timalotera. Sigmund Freud wa ku Vienna cha m'ma 1900 ankati loto ndi chilakolako chobisika chomwe chavala chigoba. Mu 1977 Allan Hobson ndi Robert McCarley a ku Harvard anati ayi, m'munsi mwa ubongo mumangotuluka timphamvu mwachisawawa ndiye ubongo wa pamwamba umasoka nkhani kuti zimveke. Antti Revonsuo wa ku Finland mu 2000 anati maloto oopsa ali ngati kuyeserera, ubongo umadzizoloweza kuthawa zoopsa uli pabwino, n'chifukwa chake kuthamangitsidwa ndi loto lofala padziko lonse. Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi cha makoswe. Ku yunivesite ya MIT ku America mu 2001 Matthew Wilson ndi mnzake anajambula mmene timaselo ta ubongo wa khoswe timayakira akamathamanga m'kanjira kofuna chakudya, khosweyo atagona timaselo tomwe tija tinayakanso mwa ndondomeko yomweyo, ngati akubwereza ulendo wa masana. Ndiye ubongo usiku umabwereza zomwe wadutsamo, kusankha zosunga, makamaka zomwe zakhudza mtima. Ana anga a Fomu 4 mayeso a MSCE akayandikira theka la kalasi limalota lafika m'holo lopanda cholembera. Ine ndimawauza kuti kuwerenga usiku wonse osagona ndi kudzibera, chifukwa zomwe wawerenga zimakhazikika uli mtulo.

Mkulu wa mpingo (Mchengautuwa): Ndimawerenga mwakachetechete. Tisaiwale kuti Mulungu analankhulapo kumaloto. Farao analota ng'ombe 7 zonenepa ndi 7 zowonda, Yosefe anamasulira, dziko linapulumuka ku njala. Yosefe winayo, mwamuna wa Mariya, anauzidwa kumaloto kuti athawire ku Iguputo ndi mwana. Koma Baibulo lomwelo pa Mlaliki 5 likunena kuti maloto amabwera ndi kuchuluka kwa ntchito ndi zodetsa nkhawa, ndipo Yeremiya 23 akudzudzula aneneri ongoti ndalota ndalota. Chomwe chikundiwawa masiku ano ndi anthu omwe asandutsa maloto bizinesi. Munthu walota akudya nyama, akuuzidwa kuti wadyetsedwa za ufiti, abwere ndi ndalama amusanzitse. Chonsecho mwina wagona ndi njala, nyama anaidya komaliza pa Isitala.

Che Shopu (Chibanja): Kwathu ku Chisilamu tinaphunzitsidwa kuti maloto ali mitundu itatu, labwino lochokera kwa Mulungu, loopseza lochokera kwa Satana, ndi lomwe munthu amangodzilankhula yekha zomwe wakhala akuganiza masana. Ndipo loipa timauzidwa kuti usamalifalitse, upemphe chitetezo kwa Mulungu, utembenukire mbali ina n'kugona. Ndaona anesi akunenanso za kagonedwe ndiye ndati ndiponyepo.

Mayi a ku Masasa: Ine ndinene zanga, sindibisa, ndili pa ma ARV zaka zambiri. Nthawi yomwe tinkalandira 5A masabata oyamba ndinkalota zinthu zoti sindingafotokoze, mitundu yowala, njoka zolankhula, nyumba ikuzungulira, ndimadzuka ngati ndaledzera. Azakhali anga anati andilodza ndipo ndinatsala pang'ono kusiya mankhwala. Mwamwayi ndinafunsa kaye kuchipatala, anandiuza kuti ndi mankhwalawo, zichepa, ndipo zinachepadi. Atatisinthira ku 13A zinatheratu.

Anesi (Luwinga): Zikomo mayi polankhula poyera, mwathandiza ambiri amene akuwerenga chete. Mu 5A muli efavirenz, amadziwika ndi maloto owala ndi chizungulire makamaka poyamba, ndipo zimakula ukamwa utangodya zamafuta ambiri. Kuyambira 2019 dziko lino linayamba kusamutsira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Aliyense amene mankhwala alionse akumulotetsa zoopsa asasiye payekha, akanene komwe amalandira. Kutentha thupi kwa malungo nakonso kumabweretsa maloto osokonekera. Mowa ndiye usanene, umapondereza REM chigawo choyamba cha usiku, ukatha mphamvu m'thupi REM imabwera mwaukali ngati ikubweza ngongole, ndiye omwa kwambiri amalota zoopsa m'bandakucha, makamaka akangosiya kumwa.

Adalaivala a Karonga: Anesi nanga izi. Bambo anga ali ndi zaka 68, chaka chino ayamba kumenya nkhonya kutulo, kukuwa, tsiku lina anagwa pabedi n'kuchekeka pachipumi, akadzuka amati amalimbana ndi akuba. Amayi asamukira pamphasa. Ndi zomwezi?

Anesi (Luwinga): Ayi achimwene, zimenezo ndi zotembenuza. Kwa amake Mphatso loko akuchedwa kutseguka, kwa bambo anu zikuoneka ngati loko sakukhoma n'komwe, ngati amphaka omwe anena aphunzitsi aja. Madokotala a ku Minnesota, Carlos Schenck ndi Mark Mahowald, anafotokoza vutoli mwa anthu mu 1986, limakonda abambo opitirira zaka 50. Sindingawayeze pa foni koma musalekerere, pitani nawo ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central akaonedwe, chifukwa kwa ena chimakhala chizindikiro choyambirira cha matenda a mitsempha monga Parkinson's, zaka zambiri kunjenjemera kusanayambe. Pakadali pano tsitsani matiresi pansi, chotsani tebulo, mabotolo ndi chikwanje pafupi ndi pogona.

Adalaivala a Karonga: Yewo anesi, ndiwatenga Lolemba.

Amake Mphatso: Ndawerenga zonse ndipo ndikulira pano mandasi ali pamoto. Pali china sindinanene. Usiku uliwonse womwe chinthu chija chabwera, ndimakhala ndikulota mayi. Amakhala pakhonde kwathu ku Ntcheu akusenda mbatata, chitenje chawo chobiriwira chija, ine ndili pamsewu ndi chikwama ndikuyenda koma sindikufika, miyendo ikulemera ngati ndili m'matope, ndikuwaitana iwo osadzutsa mutu. Tsiku lomwe anandiimbira kuti matenda akula ndinati ndidikire kaye ndigulitse mawa ndipeze thiransipoti. Ndinakwera basi ya usiku, ku Chikangawa kunali chifunga choti dalaivala amangokwawa, foni inalira tisanafike pa Jenda. Sindinawapeze. Ndiye alamu akamati ndi gogo uja, mbali ina ya mtima wanga imafuna zikhale choncho, chifukwa kuloza munthu n'kopepuka kusiyana ndi kukumbuka kuti ndinachedwa ndi tsiku limodzi.

Mayi a salaula (Taifa): Amake Mphatso musadziweruze choncho, tonse timadziwa mmene ndalama ya basi imavutira. Mukanapita bwanji opanda tikiti? Ndikubwera madzulo ndikatseka.

Ankolo a ku Zolozolo: Mwana wanga, ine ndi amene ndimateteza maloto pagulu pano, ndiye undimvere. Loto lako lanena za iwe ndi mayi ako. Gogo wa kuseriyo mulibemo. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye ine ndikuti Loweruka usapite. Ndaona ndi maso anga kumudzi nkhalamba ikugwetseredwa nyumba chifukwa mwana wina analota, pambuyo pake anthu anachita manyazi koma nyumba inali itagwa kale. Sing'anga ukamupitira ndi dzina m'thumba amakubwezera dzina lomwelo. Alamu akowo ndipatse nambala yawo kumbali ndilankhule nawo ine.

Aphunzitsi a Bayoloje (Chiputula): Ndiwonjezere pa mawu a ankolo, lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Alamu adziwe zimenezo asanalankhule pagulu. Za miyendo yolemera kumalotoko, ambiri timazimva, ena amaganiza kuti ubongo umatuma miyendo kuti ithamange koma poti ndi yokhoma yankho silibwera, ndiye loto limasandutsa zimenezo matope. Koma msewu, chikwama ndi khonde, zimenezo ndi zanu mayi, zachokera pa ulendo wa mu Meyi uja.

Anesi (Luwinga): Achemwali kulota malemu miyezi yoyamba ndi chinthu chomwe ofedwa ambiri amadutsamo, si malodza. Yesani izi. Gonani chammbali, ikani pilo kumsana kuti musatembenuke, wina mumukumbatire kuti phewa lisapweteke. Mandasi kandani madzulo kusanade kuti 9 koloko ikupezeni pabedi, ngakhale masiku atatu okha pa sabata. Jekete lija lichoke kuchitseko. Chikabweranso musalimbane nacho, dziuzeni mumtima kuti ndi loko uja, pumani pang'onopang'ono, yesani kugwedeza chala chimodzi cha kuphazi kapena kuphethira. Muwauzenso bambo a Mphatso kuti akamva mukubuula angokugwirani paphewa, kukhudzidwa kumadula msanga. Ndipo pali njira ina yomwe alangizi amaphunzitsa anthu olota loto limodzi lowawa mobwerezabwereza, masana muli maso mumalikonza lotolo, mumalipatsa mathero ena, n'kumaliona m'maganizo mphindi zingapo tsiku lililonse. Inu dzioneni mwafika pakhondepo, mwatula chikwama, mwakhala pansi. Chisoni chikapitirira kukulepheretsani kudya kapena kugwira ntchito, ku chipatala cha St John of God konkuno kuli alangizi, si kwa odwala misala okha monga anthu amanenera.

Wakabaza wa pa Katoto: Mayi mukafuna kupita kumeneko ndiuzeni ndikakusiyani, osalipira.

Mkulu wa mpingo (Mchengautuwa): Tikukumbukirani m'mapemphero usiku uno.

Amake Mphatso: Mwaswera bwanji nonse, ndati ndikudziwitseni poti padutsa masiku asanu. Loweruka sitinapite. Ankolo analankhula ndi alamu, sanakondwe, mpaka pano akungondiyankha mwachidule, koma dzina la gogo uja sakulitchulanso. Chinthu chija chinabweranso Lamlungu m'bandakucha, ndinapezeka ndagudubukira chagada pilo atagwa. Mantha analipo sindinama, mtima umagunda ngati ng'oma, koma ndinakumbuka chala cha kuphazi, ndinalimbikira pomwepo mpaka chinagwedezeka, thupi lonse n'kumasuka. Pachitseko panalibe kanthu ulendo uno, kulemera kokha.

Ankolo a ku Zolozolo: Wachita bwino mwana wanga. Koma ine ndikuti ukapeza kangachepe upitebe ku Ntcheu ukaone manda, ukasese, ukalankhule nawo mayi ako. Zimenezo anesi sangakulembere pa kabuku ka kuchipatala koma zimachiza.

Anesi (Luwinga): Pa zimenezo ine ndi ankolo tili limodzi.

Amake Mphatso: Ndipita mu Ogasiti ana akatsekera, ndayamba kale kupatula. Dzulo ndinawalotanso. Sindinafikebe pakhonde, ndinali pa mtengo wa mango wa pa njira uja, koma ulendo uno anadzutsa mutu, mpeni uli m'manja, anandiyang'ana n'kufunsa kuti Mphatso wamusiya ndi ndani.